Mabowo Atatu a Achimwene

"Uboole ngati kale," anatero a Merv akuika mpira watsopano patebulo. "Usandiyambe zofunsafunsa zakozo."

Glenys, mlongo wawo, anauyang'ana mpirawo. Anali atangomaliza kuboola mipira isanu ndi umodzi chiyambire m'mawa, msana ukuwawa, m'tsitsi muli mbuu ndi fumbi la pulasitiki, tiyi atazizira kalekale. Kunja dzuwa la ku Rockhampton linkaswa mtengo, ndipo fani ya m'kashopu kake, pakona ya holo ya masewera ogubuduza mpira wolemera kuti ugwetse mapini khumi oimikidwa ngati mabotolo, inkangotakasa mpweya wotentha womwewo. Zaka makumi atatu za ntchitoyi zinali zitamuphunzitsa kuti kasitomala wotopetsa kuposa onse ndi mchimwene wako.

"Kale lake liti, achimwene?"

"Ukudziwa iwe. Muja unandiboolera chaka chimene tinatenga chikho ku Townsville."

"Chaka chimenecho munali ndi tsitsi."

"Tsitsi siliponya mpira."

Mpira umabwera wopanda bowo. M'kati mwake muli nthanga yolemera, ndipo malo amene woboola wasankha kuika mabowo atatu a zala ndiwo amanena ngati nthangayo ithandize mpira kukhota kapena iuletse. Pa unyamata wawo a Merv ankapotoza dzanja mwamphamvu, mpira n'kumazungulira ngati nguli, moti Glenys ankawaboolera mouziziritsa kuti usakhote msanga n'kugwera m'ngalande ya m'mbali mwa kanjira koponyerapo. Koma tsopano anali ndi zaka 68, ndipo nyamakazi inali itamanga maziko pamfundo ya dzanja lawo lamanja.

Nkhani yonse inali ya Loweruka. Timu yawo ya akuluakulu inkapita kumpikisano ku Mackay, ndipo kaputeni wawo, Col Petrakis, anali atanena mosapsatira mawu kuti a Merv akakaponyanso mmene akhala akuponyera miyezi itatuyi, malo awo apatsidwa kwa wina. Tsikuli linali Lachinayi. Bowo likalakwika, kulitseka, kudikira kuti liume ndi kuboolanso kukanatenga nthawi imene analibe.

"Ndikuoneni kaye mukuponya," anatero Glenys.

"Wakhala ukundiona zaka makumi anayi!"

"Ndikufuna ndikuoneni lero."

Anapita pakanjira ka nambala 12, a Merv akung'ung'udza njira yonse. Anatulutsa mpira wawo wakale, n'kuima ngati mnyamata, chifuwa chili patsogolo. Poponya analuma mano, napotoza dzanja ndi mphamvu zawo zonse. Mpira unayenda m'mbali mwenimweni mwa ngalande, kenako unabwerera mwaukali, mapini onse khumi n'kumwazika. Kachiwiri anagwetsa asanu ndi anayi, kachitatu onse.

"Waona? Yeza msanga, ndikufuna ndikadye payi yanga."

Glenys ananyamula mpirawo n'kuuyang'ana. Mafuta amene amathiridwa pakanjira amasiya mzere wozungulira pampira, ndipo mzerewo ndi umene umamuuza woboola mmene dzanja la munthu limausiyira mpira. Anaulemba ndi pensulo yake yachikasu. Kunena zoona, mtima unkamuuza kuti angoyeza pomwepo, aboole, munthu azipita, iye akhaleko pansi. Oboola ambiri amalakwira pamenepa: amayeza maponyedwe atatu oyamba, poiwala kuti munthu akadziwa kuti akuonedwa amaponya ndi dzanja la pachikondwerero. Koma atadzutsa mutu anaona a Merv atabisa dzanja kumbuyo, akulisisita ndi linzake.

"Pitirizani. Magemu awiri athunthu."

"Iwe, ukufuna undiphe?"

"Ku Mackay mukaponya asanu ndi imodzi. Ndiye mukafera konko?"

Anakhala pampando wapulasitiki n'kumawaonerera. Gemu yoyamba a Merv analimbikira. Pofika pakati pa yachiwiri, dzanja linasiya kupotoka. Linkangousiya mpira chagada, mpirawo n'kutsetsereka molunjika, osakhota, n'kukagunda mapini mwaulesi. Ena anayi ankatsala chilili, ena atatu. A Merv ankatembenuka osamuyang'ana mlongo wawo. Glenys anamva chisoni, chifukwa munthu ameneyu ndi amene anamugwiritsa mpira koyamba ali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi.

Anaulembanso mzere wa mafuta. Pampira panali tsopano mizere iwiri yachikasu, yotalikirana zala zitatu.

"Uwu ndi wa dzanja limene munandionetsa," anatero atabwerera m'shopu. "Uwu ndi wa dzanja limene muli nalo."

"Ndi mafutawa. Makina atsopanowa akuthira mafuta ngati akukazinga tchipisi."

"Mafuta ndi omwewo amene munagwetsera khumi poyamba paja."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Ndisunthe mabowo kuti nthanga izigwira ntchito imene dzanja lasiya. Inu muzingousiya bwinobwino, wokha uzikhota."

A Merv anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. "Ukufuna undiboolere ngati azigogo oponya Lachiwiri m'mawa aja? Amene amabwera kudzadya masikono?"

"Azigogo amenewo awiri anakuposani sabata yatha. Zili pabolodi apo."

Mawuwo anatuluka asanawapime, ndipo anadziwa kuti abaya. A Merv anabweza mpira watsopano uja m'chikwama, nkhope ili gwa.

"Ndipita ku Gladstone. Kuli munthu amene amaboola osalalikira."

"Pitani," anatero Glenys motopa. Analibenso mphamvu zokangana. "Akakuboolerani mmene mukufuniramo, simuchedwa. Koma dzanja la ku Townsville lija simupita nalo ku Mackay, achimwene. Wakutsina khutu ndi mnansi."

A Merv anagwira chikwama ndi dzanja lamanja kuti anyamule. Chinangodzuka pang'ono n'kubwerera pansi, phi! Anaima choncho kwa kanthawi, kenako anakhala pampando wa makasitomala, n'kuika dzanjalo pabondo. Kuholo kunkamveka mapini akugwa pakanjira ka anthu ena.

"M'mawa mabatani a shati amandikanika," anatero chapansipansi. "Masiku ano ndikungovala masikipa awa opanda mabatani. Ndimati palibe amene wazindikira."

"Ndinazindikira pa Khirisimasi. Botolo la sosi munandipatsa ine kuti nditsegule."

"Nanga osanena?"

"Mukanandimvera? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achimwene."

A Merv anapumira m'mwamba. "Timu imeneyi ndiyo yanditsalira, Glenys. Ndikachoka pamenepa ndizikhala pakhonde kuwerenga magalimoto." Anakankhira chikwama kwa iye ndi phazi. "Boola. Koma Col asamve."

Glenys anawayeza zala mwatsopano, ndipo anapeza kuti chala chachikulu chinali chitatupa moti bowo lake linayenera kukula. Anajambula mizere pampira, n'kuyeza kawiri, n'kuumanga pamakina. Makina analira katatu, fumbi likuwaza, msana wake ukudandaula. Atasalaza m'mphepete mwa mabowo anaupereka.

Anabwerera pakanjira kaja. A Merv sanalume mano, sanatukule chifuwa. Anangoyenda masitepe awo anayi n'kuusiya mpira mofatsa. Unayenda pang'onopang'ono ngati sukudziwa kumene ukupita, ndipo utatsala pang'ono kufika unakhota wokha n'kulowa pamalo pake penipeni. Mapini onse anagwa. Anaponyanso, anagwanso onse. Kachitatu kunatsala limodzi lokha, likugwedera.

Glenys anayembekezera kuti atembenuka akuseka, amunyoze monga mwa masiku onse. Koma a Merv anangoima, akuyang'ana chikhatho chawo.

"Palibe chimene ndachita ine," anatero.

"Mwagwetsa mapini. Col amawerenga mapini."

"Eya." Anapukuta mpirawo ndi kansalu kwa nthawi yaitali kuposa mmene unkafunikira, n'kuulowetsa m'chikwama. "Malo anga ndawasunga, eti?"

"Mwawasunga."

A Merv anagwedeza mutu, n'kunyamula chikwama ndi dzanja lamanzere. Pakhomo anaima osacheuka.

"Mpira wakale uja usandisungire, mlongo wanga. Umupatse mnyamata aliyense amene angauthe."