Kachangu Akana Ulendo wa Dzinja

Musaluni muja munali moto tsiku limenelo, osati wa dilaya ayi, wa pakamwa. Kachangu ndi alamu ake anali pamutu umodzi, wa anesi ena amene anabwera kudzalukitsa timeshi ting'onoting'ono tija totha tsiku lonse. Saluniyo ndi ya awiriwo. Kasitomala akafuna zamsanga, wina amayambira kukhutu ili, wina kukhutu linalo. Ndiye tangoganizani, anthu osamwerana madzi, zigongono zikugundana chiyambire m'mawa!

Nkhani yake inali ya chilumba. Mwamuna wa Kachangu ndi khukhi pahotela ina kumeneko, kutsidya kwa nyanja, ndipo chipitireni mkazi wake anali asanapondeko. Chaka chino anati zivute zitani, apita. Koma liti? Mkangano unagona pamenepo. Iye ankafuna chilimwe. Mwamuna wake pafoni ankangoti, "Udzabwere dzinja, alendo amachepa, ndidzacheza nawe bwino." Alamu akewo, amene ndi mchemwali wake wa khukhiyo, nawonso nyimbo yomweyo. Zimenezi zinkamudya Kachangu mumtima. Munthu ndi mlongo wake kugwirizana chonchi, m'chilimwemo akubisamo chiyani?

"Chilimwe ndi cha maukwati, mlamu," anatero alamuwo, meshi ili kukamwa. "Akwatibwi onse aja ndiluke ndekha? Ine si makina."

"Nanga inuyo chaka chatha munapita liti? Si chilimwe? Muno ndinatsala ndi ndani, ndi mphaka?"

"Ndinkakaona mlongo wanga."

"Ine ndikukaona mwamuna wanga. Kapena anakwatira inu?"

"Mayo ine, tsitsi langa!" anakuwa anesi. "Mukalusa muzikoka lanu!"

Onse awiri anati pepani amayi, koma maso ali psuu.

Alamu anafewetsako mawu, aja ofewa mwachinyengo. "Dzinja n'kokongola, mlamu. Kobiriwira, kopanda phokoso, mchenga wonse wanu."

Tsono anesiwo ndi aja osatha kumeza mawu. "Dzinja? Kuchilumba? Akukunamizani ndani? Mvula yake imagwa chopingasa, sitima imangokhala padoko osawoloka, udzudzu wake ngati mbalame. Mahotela mpaka amabweza atsikana antchito kwawo kufikira mvula itatha. Ine ndinapita chilimwe chathachi, nyanja ili bata ngati madzi a m'beseni. Hotela yake ndi iti?"

Kachangu anaitchula. Alamu anakhosomola n'kunena kuti amayi weramitsani mutu, koma ayi, anesi anali atatulutsa kale foni.

"Eee, komweko ndinagona! Onani, ndine uyu ndili patebulo."

Kachangu anayang'ana. Anesi analidi patebulo, mano onse panja. Koma kumbuyo kwawo, pakhomo la khitchini, kunali munthu wamtali wovala chipewa choyera. Kachangu anakulitsa chithunzicho ndi zala zake zamafuta. Mwamuna wake ndithu. Pambali pake mtsikana atamutsamira paphewa, dzanja lili m'thumba la epuloni ya khukhiyo, eti ngati thumbalo ndi la bambo ake.

Mtsikanayo anali atafulatira, nkhope sinkaoneka. Koma woluka safuna nkhope, amawerenga mutu. Mizere yonse inapendekera kumanzere, ndipo wapakati unakhota pang'ono kunkhongo. Alamu ake a Kachangu ndi amanzere, abale, ndipo mzere wapakati sunawawongokerepo chibadwire.

"Mutu uwu analuka ndani?" anafunsa Kachangu, foni ataifikitsa pamphuno pa alamu.

"Oluka ndi ambiri padziko pano."

"Amanzere okhotetsa kunkhongo ndi angati? Ndakalamba nanu pamutu umodzi, dzanja lanu lingandisokoneze ine?"

Alamu analavula meshi ija. "Ndiye mumati nditani? Ndimukane? Mlongo wanga ndi mwamuna, amakhala yekha kumeneko. Kamtsikanako kamangobwera nyengo ya alendo, mvula ikayamba kamapita kwawo. Mukanapita dzinja simukanaona kanthu, banja lanu likanakhala lili phee. Ndimakutetezani inuyo."

"Kunditeteza? Iwe!" Ulemu unathera pomwepo, inu anasanduka iwe. "Unamukhazika pakati pa miyendo yako tsiku lonse, ukumupaka mafuta m'mutu, mukuseka ine. Kenako n'kubwera kuno kudzandipatsa tizigoba ta kunyanja, ati mphatso! Mfiti yeniyeni siposa pamenepa."

"Usanditukwane pamaso pa kasitomala."

"Kasitomala ndi amene wandiuza zoona. Iwe wandiuza za mchenga."

Anesi pampando paja anafuna nthaka iwameze. Anayesa kunena kuti mwina ndi msuweni wake, koma alamu anawadula pakamwa.

"Ndimuimbira foni," anatero alamu. "Ukafika sukapeza munthu."

"Muimbire. Muuze amubise m'poto. Hotela itadzaza alendo, bwana uti angalole wantchito achoke? N'chifukwa chake mumandikankhira kumvula nonse awiri. Ndipita dzuwa likuswa mtengo, sitima ikuwoloka tsiku lililonse, kuti ndikamaliza zolankhula zanga ndikwere yobwerera tsiku lomwelo ngati ndafuna. Umuuzenso kuti mapanga awiri avumbwitsa."

"Nanga akwatibwi?"

"Itana mlamu wako watsopanoyo adzakugwirire meshi."

Atatero anatola chipeso, n'kubwerera kumbali yake. Tsitsi la anesi analigwira mofewa ngati la khanda. Analuka mzere umodzi wathunthu, kenako anawerama kukhutu kwawo.

"Amayi, mwezi umene hotelayo imadzaza zedi, moti wantchito sapuma n'komwe, ndi uti?"

Anesi anayang'ana alamu pagalasi, n'kuutchula monong'ona.

"Umenewo," anatero Kachangu mokweza. "Wamva, mlamu? Umenewo."