Masiku Makumi Anayi a Mai Telala

"Lero simubweranso, alamu?" anafunsa pa foni mchemwali wa amuna ake. Mai Telala anali pa masitepe a tchalitchi, akumanga duku ndi dzanja limodzi.

"Ndinanena kale. Mpaka Lenti ithe."

Amuna ake anali atagona m'chipatala mwezi wathunthu, impso zitakana ntchito. Odwala ankaonedwa katatu pa tsiku: 6 koloko m'mawa, masana ndi madzulo. Koma kushopu kumene Mai Telala ankasoka mayunifolomu a sukulu ankalowa hafu seveni n'kuweruka dzuwa litalowa, ndipo bwana wake za matenda sankazimva. Ola lake linali limodzi lokha, la m'mawalo. Misa ya m'mawa nayonso inkayamba 6 koloko yomweyo.

Pa Tsiku la Phulusa analonjeza atagwada kuti adzamva Misa tsiku lililonse, masiku makumi anayi osajomba, kuti Ambuye amudzutsire mwamuna wake. Mumtima mwake munakhazikika zoti akangodumpha tsiku limodzi, zonse zapita pachabe. Motero kuchipatala ankapita Lamulungu lokha, masana.

"Eee, abwera alendo!" anatero amuna ake Lamulungu lina, mapazi atatupa ngati mitsamiro. "Achemwali, apatseni mpando, achokera kutali awa."

"Musandinyoze, bambo. Ndikupempherera inu nomwe."

"Ndikudziwa, mayi. Koma Mulungu ali ndi anthu ambiri. Ine ndili ndi inu nokha."

"Mapanga awiri avumbwitsa. Angotsala masiku ochepa, pirirani. Pasaka mukadyera kunyumba."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamugwira chala chimene chinachita chikang'a ndi sizasi. Sanachisiye mpaka mlonda atabwera kudzatulutsa anthu.

Ngakhale akatekisiti anayesa kumulankhula. "Mayi, kuona odwala nakonso ndi pemphero. Pitani mawa. Ambuye sasunga rejisitala ngati aphunzitsi."

"Nanga ndikajomba iwo n'kumwalira, mudzandiuza chiyani?"

Kunena zoona, mayiyu sikuti anali wouma mtima ayi. Anali ndi mantha basi. Madokotala anali atayamba kulankhula motsitsa mawu, ndipo chinthu chokha chimene chinatsala m'manja mwake chinali kolona.

Lachinayi la sabata yachisanu anazimitsa foni monga mwa masiku onse, nagwada pa benchi lake lachitatu. Anapemphera bwino tsikulo, mpaka mtima unapepuka. Atatuluka n'kuyatsa foni, anapeza kuti mlamu wake wamuimbira kasanu ndi kawiri.

Anakwera njinga yamoto duku lili m'manja. M'wodi anapeza bedi la amuna ake lilibe nsalu, mayi wina wantchito akupukuta matiresi ndi mankhwala onunkha. Mlamu wake anali atakhala pansi m'khonde, bulangeti lopinda lili pamiyendo.

"Nthawi yanji?" anafunsa Mai Telala.

"Itangodutsa hafu sikisi."

Anawerenga mumtima. Nthawi imeneyo n'kuti iye ali pamzere wokalandira Ukalistia, manja atawapinda, akuimba nawo. Kenako anakhala pansi pambali pa mlamu wakeyo.

"Anatsala masiku asanu ndi anayi okha, alamu. Sindinajombe ngakhale limodzi."

"Ndikudziwa."

"Ananenapo kanthu?"

Mlamuyo anasalaza bulangeti ndi chikhatho. Ankafuna kubisa, koma milomo inamukanika.

"Anafunsa ngati mwafika. Katatu konse. Kachitatuko ndinanama, Mulungu andikhululukire. Ndinati muli pakhomo, mukusamba m'manja."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anandiuza kuti ndiwatembenuze ayang'ane kukhomoko. Ndinawatembenuza. Apita maso ali komweko."