Besi Yosamveka

Pali chinthu chimodzi chimene Chete sanauzepo munthu, ngakhale mayi ake: ankadziwa kuti gitala yake ya besi simveka.

Anazitulukira mwangozi, akuimba m'holo ya sukulu ina. Pakati pa nyimbo anaponda chingwe, chingwecho n'kuzuka pa gitala n'kugwera pansi. Anaganiza kuti wawononga nyimbo. Koma nyimbo sinasinthe. Besi inkagundabe m'zimkuzamawu, yonenepa bwinobwino, ikuchokera kudzanja lamanzere la Zala, mtsikana wa kiyibodi. Chete anawerama, n'kubwezeretsa chingwe, n'kupitiriza kuyendetsa zala ngati palibe chachitika. Polongedza katundu anasuzumira pa makina osakanizira mawu. Kabatani ka besi kanali pansi penipeni, katamatidwa ndi selotepi kuti kasakwere ngakhale mwangozi.

Makinawo ankawakonza ndi Ndevu yekha, woimba wa gulu lawo. Ndevu ndiye anali mnzake wa Chete kuyambira ali ndi mamina m'mphuno. Ndiye ankamuyankhira aphunzitsi akamuloza, ndiye anam'patsa dzina la Chete, ndipo ndiye anabwera atangomaliza sukulu n'kunena kuti, “Aise, gitala ya malume ako ikungodya fumbi. Bwera uzitiimbira besi. Komanso, kodi galimoto ya amayi imagwira ntchito Loweruka?”

Galimotoyo inali yonyamulira mazira. Gulu lawo silinkamveka pa wailesi iliyonse, ndipo timagulu totere timakhalira kusungana: mukabwera kwathu tikupezerani poimbira, mugona pansi m'chipinda chathu, nafenso tikadzabwera kwanu n'chimodzimodzi. Chovuta chimakhala choyendera basi.

“Anzakowo amakonda iwe kapena matayala?” amayi ake anam'funsa m'mawa wa ulendo, akutsitsa mathireyi opanda kanthu.

“Ndi anzanga, amayi.”

“Chabwino, bambo. Lolemba ndikuifuna, nkhuku sizidziwa zoimba.”

Ulendowo unali wautali kuposa maulendo onse amene anayendapo. Wang'oma anakhala kumbuyo atakumbatira ng'oma yaikulu, akudandaula kuti akafika akununkha khola.

“Ukaswa anapiye iwe,” anatero Zala. “Taona wakhalira.”

“Bola ine. Awa akutsogolowa tindevu tawo tikuchita kuthawana, n'chifukwa chake sakwatira.”

Ndevu anaseka mpaka kutsokomola. Anali pampando wakutsogolo, mapazi atawasanjika pafupi ndi galasi, akusenda lalanje n'kumaika zidutswa m'kamwa mwa Chete kuti asasiye chiwongolero. Ankam'fotokozera nyimbo imene sanaimalize, n'kumam'funsa, “Ukuiona bwanji, aise? Nena zoona, iwe sunama.” Chete ankakonda maola amenewa kuposa chilichonse. Pamsewu ankakhala munthu wofunika. Ankadziuza kuti mnzako ndi mnzako, selotepi ndi kanthu kakang'ono.

Komabe tsiku lililonse, akamaliza kugawa mazira, ankadzitsekera m'chipinda chosungiramo mathireyi n'kumaphunzira nyimbo zonse mpaka nsonga za zala zinachita zikang'a. Ngati anali atayamba kutha kapena ayi, sankadziwa. Panalibe amene anam'mvapo. Ulendo uno anali atatsimikiza mtima kuti akamatula selotepiyo.

Atafika, anawalandira mayi wina woimba amene aliyense ankangomutchula kuti Achemwali. Malo oimbira anali galaja ya mwamuna wawo, pansi pothimbirira ndi oyilo, matayala akale ataunjikidwa kukhoma kuti anthu akhalepo. Anaimba masana, chifukwa madzulo aneba amadandaula. Asanayambe, Ndevu anatuluka kukasaka madzi akumwa, makina aja n'kutsala okha pa tebulo. Chete anayandikira. Analowetsa chikhadabo pansi pa selotepi, inayamba kumatuka mosavuta. Kenako anaganiza za besi yake ikutuluka m'zimkuzamawu, yokhota, anthu akuyang'anana, Ndevu akutembenuka ndi nkhope ya chisoni. Bwanji ngati amene anamata ankanena zoona? Anaikanikiza selotepi ija ndi chala chachikulu, n'kuisalaza bwinobwino.

Anthu anavina mpaka fumbi la galaja linawalowa m'mano. Atamaliza, Achemwali anam'gwira Chete paphewa.

“Mlongo wanga, besi yako ndi yoyera. Sunaphonye ngakhale pamodzi. Unaphunzira kuti?”

“Kwa malume,” anayankha motsitsa.

Zala anali chapafupi, akupinda chingwe. Anachipinda, n'kuchimasula, n'kuchipindanso, maso ali pansi.

Anagona m'chipinda chochezera cha Achemwali, mitu itatsamira zikwama. Kutacha, Chete anadzuka woyamba, n'kukathira madzi mu injini, n'kuyamba kulongedza. Anali ataika kale zimkuzamawu ndi ng'oma pamene Ndevu anatulukira atanyamula makapu awiri a tiyi.

“Imwa kaye, aise. Wathamangira chiyani?”

Chete analandira kapu.

“Pali nkhani yabwino,” anatero Ndevu, akukanda tindevu take. “Achemwali abwereka minibasi. Akupita kukaimba m'matauni angapo sabata yonseyi, ndiye akuti tipite nawo. Anthu ambiri, aise. Mwayi ngati uwu subwera kawiri.”

“Amayi akuifuna galimoto Lolemba.”

“N'zimene ndimati ndikuuze. Galimoto sifunikanso. Iweyo ungobwerera bwinobwino, amayi asadandaule. Mipando yake ndi yochepanso, gulu lawo ndi lalikulu.”

Chete anayang'ana minibasi imene inaima kuseri kwa galaja. Mipando sanaiwerenge. Ikanatha kukhala yochepadi, koma Ndevu sanafunse n'komwe ngati angakonde kusiya galimoto kwa amayi n'kuwatsatira pa basi.

“Ndiye katunduyu titsitse,” Ndevu anapitiriza. “Pepa, wavutika kukweza.”

Anatsitsa awiri. Chimkuzamawu chachikulu anachinyamula mmene ankachitira nthawi zonse, Chete kutsogolo akuyenda chobwerera m'mbuyo, Ndevu akumuuza pali mwala. Wang'oma anatulukira akutafuna buledi n'kufuula kuti tsopano apuma fungo la nkhuku, koma ataona kuti palibe akuseka anabwerera m'nyumba. Zala anadzatenga kiyibodi yake yekha. Podutsa anatsegula pakamwa ngati anena kanthu, kenako anangoti, “Uyende bwino, achimwene.”

M'galimoto munatsala gitala ya besi yokha, itagona pamene pamakhala mathireyi, ndi makoko a lalanje a dzulo.

Ndevu anatenga makina osakanizira mawu n'kuwapanira m'khwapa. Ngodya ya selotepi imene Chete anaitukula dzulo inali itadzukanso, itagwira fumbi. Ndevu anaisalaza ndi chala osaganizira n'komwe, akuyankhula.

“Tikabwerako tipitiriza ngati kale. Mwezi wamawa pali kwina kotalikirapo, tidzakufuna kwambiri. Usakwiye, wamva? Ndiwe m'bale wanga iwe.”

Chete anatseka chitseko chakumbuyo. Chinakana, anachimenya ndi bondo mmene amachitira amayi ake.

“Za besi usadandaule,” anatero Ndevu. “Zala ayesetsa kutseka dzenjelo ndi dzanja lamanzere. Sizingafanane ndi iweyo, koma nanga titani?”

Chete akanatha kugwedeza mutu, monga ankachitira kuyambira ali ana, Ndevu n'kumuyankhira zotsalazo. Anaika kapu ya tiyi padenga la galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana mnzakeyo m'maso osathawa.

“Zifanana, aise,” anatero. “Chingwe chinazuka tsiku lija kusukulu, nyimbo sinasinthe. Ndakhala ndikudziwa.”