Soda m'chitsime cha Mayi Sarminah

Chitsime cha mafuta a pansi pa nthaka chimene malemu amuna awo anawasiyira Mayi Sarminah paphiri la miyala ya laimu ku Wonocolo chinayamba kuuma. Tsiku lina mkamwini wawo, Wagiyo, anatulukira panjinga yamoto atanyamula matumba a soda.

"Amayi, mafuta alimo, angomatirira kumwala," anatero. "Tithire madzi a soda m'chitsime chanuchi, mafutawo adzamatuka ngati a m'chiwaya."

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumapazi. Munthu wosawagulirapo ngakhale khofi, lero wabwera ndi soda waulere?

"Tikathira muno, mafutawo atulukira kuti?"

"Madziwo amawakankhira kumunsi pang'ono."

"Kumunsiko chitsime n'cha yani?"

Wagiyo anakanda m'khosi. "Cha amalume anga."

"Ohoo! Ng'ombe ndidyetse ine, mkaka akame amalume anu? Mwandiona ngati ndagwa mu mtengo, bambo a Tini?"

"Si choncho, amayi, tikanakuuzani."

"Liti? Pamaliro anga?"

Mayi Sarminah anakhala pamatumbapo, phwatha!

"Kawaitaneni amalume anuwo. Mafuta onse otuluka kumunsiko tizigawana pakati. Akakana, mundiiwale."

Wagiyo anatsetsereka phiri njinga ili yopepuka. Soda anatsala pansi pa apongozi.