Ndolo Zachikasu

Mwamuna wanga Stamen atamwalira anandisiyira nyumba yodontha, mpanda wowola ndi nkhuku. Nkhukuzo ndizo zimandidyetsa. Agalu nawo anaona kuti ziziwadyetsa.

Agaluwa amabwera anthu akatha kukolola mphesa. A mumzinda akamatseka tinyumba tawo ta tchuthi amakweza vinyo ndi tsabola wowotcha m'galimoto, galu n'kumusiya pamsewu. Chisanu chikayamba, onse amatsikira kwathu kuno kumapeto kwa mudzi.

Atandigwirira thadzi lofiira loikira bwino, ndinaimba foni kukhonsolo mpaka anatopa nane. Anatumiza Zdravko, mwana wa mnansi wanga Gergina, ndi galimoto ya makola. Anawagwira pageti panga pomwepo n'kupita nawo. Ndinapuma.

Pasanapite nthawi galimoto ija inabweranso. Zdravko anatsegula makola, agalu omwe aja n'kudumpha, aliyense ali ndi kapulasitiki kachikasu kukhutu.

"Iwe Zdravko, ndinakuitana kuti udzawaveke ndolo?"

"Tawafula, mayi Velichka, tawabayanso katemera. Lamulo likuti tiwabweze pomwe tinawapeza."

"Mwawafula kumbuyo, mano mwasiyira ndani? Nkhuku zanga amadyera kumbuyoko?"

"Ine ndimangoyendetsa galimoto, mayi. Komanso wa ndolo sitimugwiranso. Ameneyu tsopano ndi nzika ngati inu ndi ine."

"Nzika ndi bambo ako amene amagona m'ngalande akaledzera!"

Anaseka, n'kuliza galimoto.

Chipale chofewa cha m'nyengo yachisanu chitagwa kunabwera gulu lina, lopanda ndolo, lotsogozedwa ndi galu wamkazi wakuda, nthiti zili pamtunda. Ndinati ulendo uno sandipusitsa. Ngati amawabweza pomwe awapeza, awapeze kutali ndi ine.

Ndinapempha zikopa za nkhumba kwa Gergina, amene anali atangopha nkhumba ya Khirisimasi. Ndinazidula tizidutswa, n'kuyamba ulendo wopita kufakitale yakale ya njerwa, kutsidya kwa njanji. Ndikaponya kachidutswa, agalu aja pambuyo panga, ndikaponya kena, pambuyo panga. Mawondo anga otupawa, m'chipale chofika m'akakolo. Ndinachita zimenezo m'mawa uliwonse mpaka anazolowera kumeneko. Kenako ndinaimbira Zdravko.

"Bwera kunjerwa kuno, alendo ako ndakusonkhanitsira."

Anawagwira konko. Anawabwezanso konko, monga mwa lamulo lake.

Tsiku lomwe anawabwezalo, ndikutsegula chitseko kuti ndikataye phulusa, ndinangoona wakuda uja ali khale pakhonde, ndolo yake yachikasu ikuwala, akugwedeza mchira. Anzake ali ndondondo kumpanda. Akale aja nawo ali pomwepo, akununkhizana ndi atsopanowa.

Gergina anasuzumira pampanda.

"Nanga umati apite kwa ndani, mnzanga? M'mudzi monse muno amene wawapatsa chakudya ndiwe wekha. Ndiwe mayi wawo tsopano."

"Tseka pakamwa, Gergina."

Ndinafuna kuwagenda koma miyala yonse inali itagwirana ndi chisanu. Ndinaima pamenepo ndi chidebe cha phulusa, mkono uli lende. Mphamvu yotukwana inali itandithera.

Ndinapita kukhola, n'kutenga nkhuku zotsalazo, ziwiriziwiri m'khwapa, kulowa nazo m'nyumba. Ndinayala manyuzipepala m'chipinda cha alendo, ndinapingasa mpini wa tsache pakati pa mipando kuti zizigonapo. Nyumba yonse ikununkha zitosi. Mazira ndimatola pansi pa bedi.

Bwalo ndawasiyira eni ake.