Chitunda cha Kumtaya

Tauni yathu ndi yathyathyathya ngati tebulo. Zitunda zilipo, koma ndi zija zazifupi, ukangoimirira pa mapedulo wafika kale pamwamba. Mpikisano wa njinga umene tinkakonzekera unali ndi mtunda wautali wokwera pang'onopang'ono, uja umakudya miyendo mwakachetechete. M'timu munatsala malo amodzi, ndipo owafuna tinali awiri, ine ndi Sopo.

Dzinali sanalitole pansi. Masokosi oyera, magolovesi oyera, njinga yopukutidwa mpaka masipoko. Ukamupatsa moni ankayamba wayang'ana dzanja lako.

Akochi anati tifunefune chitunda choyeserera, ndipo amene adzayambe kufika pamwamba pa tsiku loyesana ndiye adzavale jezi. Ndinazungulira mpaka matako kutuluka matuza. Msewu wa kuchipatala unali waufupi, wa kufakitale unali maenje okhaokha. Tsiku lina ndinapezeka kumbuyo kwa lole ya zinyalala, ndipo ndinaona kuti msewu ukungokwera bwinobwino osatha. Anaulambula choncho kuti malole olemedwa azitha kukwera. Unkathera kumtaya wa tauni yonse.

Chitunda chabwino chotere sindinachionepo, chonyansa chotere sindinachionenso. Malole ankadontha madzi akuda msewu wonse, tayala lakutsogolo n'kumawatola kundimwazira kumaso. Munthu ukamakwera mtunda supumira m'mphuno, umayasama, ndiye ntchentche zinkangolowa osaodira. Pokhota pena panali galu wakufa, wotupa, amene tsiku lililonse ankasintha mtundu. Ndikafika kunyumba, mkazi wanga ankandiimitsa pakhomo.

"Vulirani konko, abambo. Muno simulowa nazo zimenezo."

Ndinapirira, poti walira mvula walira matope.

Akochi atauona msewuwo anatseka mphuno, koma anavomera. Sopo anachita ngati asanze.

"Aise, malo onsewa iwe n'kutisankhira kuchimbudzi?"

"Peza ako," ndinamuyankha. Sanapeze.

Tsiku loyesana litakwana, akochi anatsogola pa njinga yamoto kukatidikira pamwamba. Tinanyamuka limodzi, phewa ndi phewa. Pofika pagalu paja ndinamva Sopo akupumira m'mwamba, ndipo ndinamusiya. Mumtima ndinali nditavala kale jezi. Kenako lole ina inandipitirira ikubuula, n'kundithira madzi ake aja. Nditapukuta m'maso ndinaona Sopo ali kumbuyo kwake, miyendo ili phee, dzanja lamanja litagwira chitsulo cha kumapeto kwa lole, pamene uve wonse umatsikira. Sanandiyang'ane n'komwe.

Fungo ndinali nditalizolowera, ntchentche ndinali nditameza zokwana. Koma izi zinandinyansa kuposa zonsezo. Munthu woopa dzanja la mnzake lero wagwira pamenepo, chifukwa cha jezi! Ndinalavula, ndinatukwana, ndinapalasabe.

Loleyo Sopo anaisiya pokhota pomaliza, pamene akochi sakanamuona. Ine pofika pamwamba ndinamupeza atatsika kale panjinga, akupukuta nkhope ndi dzanja lamanzere. Ndinkafuna kulankhula koma mpweya unali utandithera. Ndiponso ndani amamvera dandaulo la munthu woluza?

"Wagwira ntchito, mnyamata," anatero akochi, akumutambasulira dzanja.

Sopo anazengereza, koma wamkulu akakupatsa dzanja sukana. Anagwirana mwamphamvu. Akochi anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kuliyang'anitsitsa. Linali lonyowa, lomata, ndipo pakati pa zala pankayenda mphutsi yonenepa bwino. Anayang'ana golovesi yakumanzere ya Sopo, yoyera mbee. Anayang'ana yakumanja. Kenako anatembenukira ku lole ija, imene inali ikukhuthula katundu wake chapatali.

"Akochi, ndinagwa," anayamba Sopo.

"Unagwa ndi dzanja limodzi, mawondo osakhudza pansi? Choka pamaso panga, ukundichititsa nseru."

Anatsegula chikwama, n'kutulutsa jezi ndi dzanja lomwelo, n'kundiponyera pachifuwa. Zala zawo zonse zinadindika paphewa lakumanja la jeziyo. Mkazi wanga waichapa kambirimbiri, waiviika, waiyanika padzuwa, koma sizichoka. Ku mpikisano ndinapita nazo choncho, ndipo mtunda wonse ndinkapewa kutembenuzira mphuno kumanja.