Bawuti ya Pansi pa Mpando

Mwamuna wanga sadutsa pagalasi osaima. Windo la sitolo, kalilole wa kubafa, ngakhale chivindikiro cha poto chikawala, amaima kaye, n'kukokera mimba m'kati, n'kudzimwetulira. Choncho atagula kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kothamanga, kotsika ngati kakukwawa, sindinadabwe. Anagula galasi la matayala.

Sabata yachiwiri mpando wa wokwera unakanirira kutsogolo. Ine ndine wamtali, thupinso ndili nalo, ana atatu sanandisiye mmene anandipezera. Nditayesa kukhalapo, mawondo anagunda kutsogolo, chitseko n'kukana kutsekeka.

"Waona? Wakanirira," anatero akugwedeza kachitsulo kosunthira mpando. "Zipangizo zake n'zosowa. Uyambe wapirira, mayi."

Ndinapirira miyezi isanu. Ku ukwati wa mlamu wanga ndinapita pa basi, iye anafika yekha, injini ikubangula kuti aliyense acheuke. Kuphwando la kuntchito kwawo sindinapondeko n'komwe.

Loweruka lina anapita kumsonkhano pa galimoto ya kampani, makiyi a kofiira kaja atawaiwala m'thumba la jekete. Ndinayendetsa ndekha mpaka kugalaja komwe amakonzetsa.

Makaniko, bambo waimvi, anatuluka pansi pa lole akupukuta manja ndi kansanza.

"Takulandirani, mayi. Abwana ali kuti?"

"Ali komwe kuli owaombera m'manja. Mpando uwu ndikufuna ubwerere m'mbuyo."

Bambo anga ankakonza makina osokera, ndiye munthu wofufuza vuto ndimamudziwa. Amayamba wagwedeza, kuunika ndi tochi, kudonthezera mafuta, kutukwana pang'ono. Uyu sanachite chilichonse mwa izi. Anapita pabokosi la zida, n'kutola sipanala imodzi yokha osaiyesa, n'kugwada, n'kupisa dzanja pansi pa mpando chakumanzere. Anapotokola kangapo. Mpando unatsetsereka panjanji zake ngati wapakidwa sopo.

"Ndione chimene mwachotsacho."

"Tizinyalala chabe, mayi. Dzimbiri."

"Tambasulani dzanja."

M'dzanjamo munali bawuti yonyezimira ndi nati yake.

"Dzimbiri la masiku ano likumabwera ndi nati?"

Anayang'ana nsapato zake.

"Nanga sipanala yake munaidziwa bwanji musanasuzumire n'komwe? Munalota?"

"Mayi, ife timangochita zimene mwini galimoto wanena."

"Ananena chiyani?"

"Anati mpando uzikhala kutsogolo, usamasunthe. Ndinaboola njanji, n'kumanga."

"Chifukwa chake?"

Anakanda m'mutu, girisi n'kutsalira muimvi. "Anati galimoto yotere ili ndi anthu ake okweramo. Anati inu mumaipendeketsa mbali imodzi, anthu angamaseke. Iwo anaseka. Inenso ndinaseka nawo. Pepani."

"Musapepese, bambo. Ntchito mumaidziwa. Miyezi isanu osagwedera."

Ndinakhala pampandopo, n'kuukankhira m'mbuyo mpaka pothera, n'kutambasula miyendo. Chitseko chinatsekeka bwinobwino, malo n'kutsalanso. Unali mpando wouma, wopweteka msana, wonunkha mafuta opukutira. Ndiye uwu ndi umene ndinkaukwerera basi?

Akanabisa mkazi wina, ndikanati ndi nthenda ya amuna ambiri, ndikanadziwa pomugwira. Koma munthu wamkulu, wa ndevu zake, amene ndinamusambitsa chaka chathunthu atathyoka mwendo, kupita kukagwada kwa makaniko kuti aboole chitsulo, poopa kuuza mkazi wake pamaso kuti akuchita naye manyazi. Ngakhale bodza lake anachita kulembera waganyu.

"Ibwezeretseni," ndinatero ndikutsika.

"Mayi?"

"Mumange mmene munamangira. Angavutike kufunafuna bodza lina, mutu wake si wa ntchito zolemetsa."

Anamanga, thukuta lili kamukamu.

Kunyumba ndinaimika galimoto pamalo pake, makiyi n'kuwabwezera m'jekete. Ana onse ali kwawo ndi mabanja awo, panalibe woti ndimufotokozere. Ndinaimbira foni mkulu wanga.

"Achemwali, chipinda chija chikadali chopanda munthu?"

"Wakumenya?"

"Mphamvu zake ziti? Ndifotokoza ndikafika. Mundiyalire."

Ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu, n'kuipukuta fumbi. Ndinaikamo madiresi, nsapato ziwiri, ziphaso zanga za kuntchito, mankhwala a mutu ndi lumo la bambo anga. Zipi inavuta pakona, ndinaikhalira, inatseka. Ndinaikokera pakhomo, n'kuyamba kuvala nsapato.